Torno Yakale pa Magetsi a M'nyumba: Tiilumikize Kapena Tidikire?

Makina akale sasowa kuno ku Angónia. Ena anatsala m'magalaja a nthawi ya Apwitikizi, Ulónguè ikadali kutchedwa Vila Coutinho. Ena anabwera ndi abale athu pobwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itatha mu 1992. Enanso amatsika m'malole ochokera ku Johannesburg ndi ku Beira, atagulidwa motchipa fakitale ina itatseka. Ndi matorno osemera zitsulo, makina opalira matabwa, macheka a lamba, makina oboolera, makompuresa. Chitsulo chake n'cholemera moti potsitsa amuna amachita kukwanyula ndi mitengo. Koma mwini wake akachifikitsa pakhomo, n'kupukuta girizi pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mota, amapeza nambala 3 ndi kamzere kopindika pambali pake, kenako 380 V. Ndiye kuti motayo ikufuna magetsi a mawaya atatu amoto, amene kuno timati trifásico, anzathu a ku Malawi amati three-phase. M'nyumba mwake muli mita ya Credelec, waya mmodzi wamoto ndi mnzake wobwezera, mavolti 220.

Apa ndi pamene amisiri athu agawanika. Ena amati njira zilipo zoyendetsera mota yotereyi ndi magetsi a m'nyumba, ndipo kusiya makina abwino akuchita dzimbiri n'kusaganiza. Ena amati kumeneko n'kudzinyenga: umawononga mota, umavutitsa anansi, ndiponso umaiwalitsa akuluakulu udindo wawo wobweretsa magetsi oyenera ntchito. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu odziwa ntchito yawo, n'chifukwa chake nkhaniyi siitha msanga.

Kuti mtsutsowu umveke, tiyambe taona chimene motayo ikusowa. Amayi atatu akamasinja mumtondo umodzi, wina akukweza musi, wina ali pakati, wachitatu akutsitsa, ndipo mtondo sukhala chete. Magetsi a trifásico amatero: waya aliyense amafika pachimake pa nthawi yakeyake, motsatizana, maulendo 50 pa sekondi, moti mphamvu ya maginito m'kati mwa mota imazungulira yokha n'kumakoka chitsulo cha pakati kuti chiilondole. Magetsi a m'nyumba ndi musi umodzi. Amakankha n'kubweza, koma salozera mbali yoti mota izungulire. Ukailumikiza choncho imangong'ung'udza, shafiti ikunjenjemera osatembenuka, ndipo ukachedwa kuzimitsa, fungo la vanishi wopserera limakuuza kuti makoyilo apita.

Ofuna kulumikiza amayamba ndi kuyamikira motayo, ndipo pamenepa sakunama. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni chichokereni 1889, pamene Mikhail Dolivo-Dobrovolsky anaipanga ku kampani ya AEG ku Germany. Ilibe maburashi, ilibe swichi ya m'kati yoilizira, ilibe kanthu kokhudzana kupatula mabeyaringi awiri. Ukaisamala imatha kugwirira ntchito bambo, mwana, mpaka mdzukulu. Amene amati ingochotsa motayo uike ya magetsi a m'nyumba amaiwala kuti ya mphamvu yofanana imadula, imakula thupi, komanso ili ndi kapasita ndi swichi zomwe zimafa kawirikawiri. Pa matorno ambiri akale mota inamangidwira m'thupi la makina, ndi shafiti yakeyake ndi mabawuti akeake, ndipo ya m'sitolo siingalowepo popanda kudula ndi kuwotcherera.

Mfundo yawo yachiwiri ndi nthawi. Pulogalamu ya Energia para Todos, imene boma linakhazikitsa mu 2018 ndi cholinga choti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030, yayatsa nyumba zambiri, ndipo tikuthokoza. Koma magetsi ofika pakhomo ndi a babu, wailesi, foni ndi firiji. Mmisiri amene ali kutali ndi thiransifoma akafuna trifásico, ndalama zokokera mawaya, mwinanso zogulira thiransifoma yakeyake, zikhoza kuposa mtengo wa makina ake onse. Kodi kalipentala wa ku Dómuè kapena wosema zitsulo wa kufupi ndi Lifidzi adikire mpaka liti? Iwo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndipo opindula si mmisiri yekha. Dera lino ndi la ulimi: chimanga, nyemba, soya, fodya, ndi mbatata ya kachewere yomwe m'chilimwe imathiriridwa ndi mapampu a petulo m'madimba. Pampu ikadyeka bushi, ekiselo ya ngolo ikapindika, shafiti ya chigayo ikafuna kusemedwa, njinga yamoto ikasowa kachitsulo komwe m'sitolo mulibe, torno imodzi ya pamsika imathetsa nkhani tsiku lomwelo. Popanda iyo, munthu akwere basi wa ku mzinda wa Tete, mtunda wopitirira makilomita 200, kapena awoloke pa Calómuè kulowera ku Dedza ndi ku Lilongwe, mbewu zikufota m'dimba.

Njira yotchipa kwambiri, yomwenso yafala, ndi ya kapasita. Mabuku amaitchula ndi dzina la Charles Steinmetz, katswiri wa kampani ya General Electric ku America yemwe anamwalira mu 1923. Ukatsegula kabokosi ka pamwamba pa mota umapeza timabawuti tisanu ndi kamodzi, titatu pamwamba titatu pansi, ndi tizitsulo titatu ta mkuwa tolumikizira. Ngati tizitsuloto tagonekedwa chopingasa, kumanga timabawuti titatu pamodzi, motayo ili pa star ndipo ikudikira mavolti 380. Mmisiri amatimasula n'kutiimika, kalikonse kulumikiza kabawuti ka pamwamba ndi ka pansi pake. Imeneyo ndi delta, ndipo ngati pa kachitsulo kolembedwa paja pali 220/380, tsopano makoyilo akufuna mavolti 220 okha. Mawaya awiri a m'nyumba amalowa pa nsonga ziwiri, ndipo nsonga yachitatu imalandira magetsi kudzera mu kapasita, yomwe imasuntha nthawi yake kuti aoneke ngati achokera kwa waya wina. Muyezo wodziwika ndi ma microfarad pafupifupi 70 pa kilowati iliyonse, kotero mota ya makilowati 1.5 imafuna pafupifupi 100. Ena amawonjezera kapasita ina yaikulu yolizira, yokhala ndi batani loti udine kamphindi n'kusiya. Amene alibe amakulunga chingwe pa pule n'kukoka mwamphamvu, kenako n'kuyatsa swichi shafiti ikadali kuzungulira.

Njira ina ndi kugula mota yachiwiri yokulirapo, yosayendetsa kanthu, yoti izingozungulira pakona. Ikayamba kuyenda, pa nsonga yake yachitatu pamatuluka magetsi, ndipo makina angapo akhoza kudyera pamenepo. Njira yachitatu, yatsopano, ndi kabokosi kotchedwa variador, komwe ena amati VFD. Kamatenga magetsi a m'nyumba, kuwawongola, n'kuwaumbanso kukhala a mawaya atatu enieni a mavolti 220.

Otsutsa amamvetsera zonsezi n'kufunsa funso limodzi: mwaikhudza motayo itagwira ntchito ola lathunthu?

Iwo amati kapasita imalinganiza makoyilo atatu pa katundu mmodzi yekha. Mota ikamayenda yopanda katundu, koyilo imodzi imadya mopitirira. Ikalemedwa, ina ndiyo imadya mopitirira. Mota yoteroyo imapereka pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu yake yolembedwa, ndipo mphamvu yoyambira imatsika kufika mwina pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi. Kalipentala sadziwa zimenezi. Amaona mota ikuzungulira bwino, n'kukankha thabwa la mlombwa m'makina opalira monga ankachitira mwini wake woyamba pa trifásico. Phokoso limatsika, lamba amalira, motayo imatentha. Akatswiri a mota ali ndi lamulo lakale loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa vanishi wa m'makoyilo umafupika ndi theka. Ndiye mota imene inapirira zaka 40 m'fakitale ikhoza kupsa isanathe nyengo ziwiri, ndipo ndalama zoluka makoyilo atsopano zimadya zonse zimene munthu ankati wapulumutsa. Nayo mota ya pakona ija amaidandaula: imadya mayunitsi a Credelec tsiku lonse, ngakhale pamene mmisiri akungoyeza ndi kulemba.

Dandaulo lawo lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lolemera kuposa onse, ndi la anansi. Mota ikamalira imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa pamene ikuyenda kale. Pa trifásico katunduyo amagawidwa pa mawaya atatu. Pa magetsi a m'nyumba yense amagwera waya mmodzi, ndipo waya ameneyo si wako wekha, ukugawana ndi nyumba zina za mumzere wanu. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi malo owotcherera akudziwa: babu limachita mdima n'kuwalanso, wailesi yakanema imazima yokha, firiji imang'ung'udza kulephera kulira. Mayi wogulitsa mafirizi amene firiji yake yapsa sadziwa kuti wamupha ndani, ndipo palibe amene adzamulipire. Thiransifoma nayo imalemedwa mbali imodzi, ndipo ikapsa mudzi wonse umagona mumdima.

Amatchulanso moyo wa munthu. Kapasita imasunga moto ngakhale swichi yazimitsidwa, ndipo mnyamata wophunzira ntchito akagwira nsonga zake osayamba waitaya motowo, imamumenya. Kapasita yakuda yolizira ikasiyidwa pa magetsi nthawi yaitali imaphulika, chifukwa inapangidwira masekondi ochepa chabe. Yoyendetsera iyenera kukhala ya mavolti 400 kapena 450. Nyumba zambiri zilibe waya wolowa m'nthaka, chonsecho torno ndi chitsulo chokhachokha, ndipo mmisiri amaima pa simenti, nthawi zina yonyowa, atavala mapatapata. Chingwe chokokera pule chija chikhoza kukulunga zala. Komanso kampani ya magetsi ya EDM ili ndi mitengo yosiyana ya magetsi a pakhomo, a ulimi ndi a malonda, choncho woyendetsa galaja pa mita ya pakhomo ali kunja kwa pangano lake, ndipo tsiku la ngozi sadzakhala ndi poimira.

Pomaliza amafika pa Cahora Bassa, ndipo mawu amakwera. Damu limeneli lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, pa Songo. Limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu limapita ku South Africa pa mawaya a makilomita pafupifupi 1,400. Kuyambira 2007 umwini wake waukulu uli m'manja mwa dziko la Mozambique. Akuluakulu akukumbukira zaka zimene Ulónguè inkayatsidwa ndi magetsi a ESCOM ochokera ku Malawi, mtsinje wa Zambezi ukuyatsa mafakitale a kutali. Otsutsawa amati mwana wa ku Tete sayenera kumakokera mota ndi chingwe. Mmisiri aliyense amene wadzipezera njira yake payekha amachoka pa mndandanda wa ofuna trifásico, ndipo okonza mapulani akayang'ana m'mabuku amaona ngati ku Angónia kulibe ofuna magetsi a ntchito.

Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi nthawi zambiri zimakangana zikunena makina osiyana. Wina m'mutu mwake muli torno yaing'ono ya kilowati imodzi, mnzake muli chigayo. Masamu ake ndi osavuta. Mota ya makilowati 2.2, omwe ndi mahosipawa atatu, pa trifásico imakoka maampeya pafupifupi 5 pa waya aliyense. Pa magetsi a m'nyumba, kudzera mu variador, ikalemedwa imakoka pafupifupi 20. Waya wabwino wa 4 mm² wokhala ndi bureka yakeyake akhoza kupirira zimenezo. Koma mota ya chigayo ya makilowati 15, yomwe pa trifásico imafuna maampeya pafupifupi 30, pa waya mmodzi ingafune opitirira 80, osawerengera polira. Palibe kapasita, palibe kabokosi, palibe nzeru ya mmisiri imene ingatulutse mphamvu imene waya wa pakhomo sangathe kunyamula. Chigayo chikhale pa dizilo kapena pa trifásico yeniyeni, ndipo amene akulonjeza zina akufuna ndalama zanu. Kompuresa yaikulu ndi makina opalira matabwa aakulu ali mbali yomweyo, chifukwa amayamba ali olemedwa kapena amakumana ndi katundu wadzidzidzi.

Pa makina ang'onoang'ono, a makilowati 2.2 kutsika m'munsi, ndili kumbali ya olumikiza, koma ndi variador osati kapasita. Chifukwa changa chachikulu ndi anansi aja. Variador imayambitsa mota pang'onopang'ono, kukweza liwiro m'masekondi angapo, kotero kukoka kwadzidzidzi kumene kumachititsa mdima m'nyumba za ena kulibe. Makoyilo atatu amadya mofanana, mphamvu ya mota imatuluka yonse, ndipo kabokosiko kamazimitsa kokha mota ikalemedwa mopitirira muyezo umene mwakauza. Wosema zitsulo amapezanso mwayi wosintha liwiro ndi kakonono m'malo mosuntha lamba. Mwa madandaulo a otsutsa, awiri oyamba amatheratu apa.

Koma kabokosi kameneka kali ndi zofuna zake, ndipo ogulitsa sazitchula. Pakati pa iko ndi mota sipafunika swichi iliyonse. Maswichi akale a pa torno, oyendetsera kutsogolo ndi kumbuyo, ayenera kuchotsedwa pa mawaya a mota n'kulumikizidwa ku tinsonga ta malamulo ta variador, apo ayi kabokosiko kakhoza kufa tsiku lomwe mwasintha mbali mota ikuyenda. Kamayendetsa bwino mota imodzi, choncho makina okhala ndi kapampu ka madzi oziziritsira kapena mota ya maliwiro awiri amafuna kuganiziridwa mwapadera. Mota ikamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, fani yake imapepera mphepo yochepa, ndipo imatentha ngakhale katundu ndi wopepuka. Vanishi wa mota zakale kwambiri sanapangidwire magetsi odukizadukiza amene variador imatulutsa, ndiye ndi bwino kuyezetsa makoyilo musanayambe ndi kufupikitsa waya wopita ku mota. Fumbi la matabwa ndi tinyenyeswa ta chitsulo tikalowa m'kati, zatha. Kamafuna bokosi lotseka koma lopita mphepo.

Palinso ziwiri za kuno kwathu. Opanga mota ndi mavariador amalemba mphamvu zake poganizira malo osapitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka ndipo suziziritsa mokwanira. Angónia ili pamwamba pa muyezo umenewo, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Kuzizira kwathu kwa June ndi July kumatithandiza, koma mu October ayi. Wogula asankhe variador yokulirapo pang'ono kuposa mota yake. Chachiwiri ndi ziphaliwali za dzinja. Mota yakale imatha kupirira zambiri, koma za m'kati mwa kabokosi n'zosalimba. Mitambo ikada kumapiri, kuzimitsa pa batani sikokwanira, muzule pa khoma.

Kapasita sindikuitaya konse. Pa mwala wonolera kapena makina oboolera ang'ono, amene amayamba opanda katundu ndipo amagwira mphindi zochepa, imakwanira, ndipo mtengo wake ndi wa munthu wamba. Woigwiritsa akhale ndi mita yopanira pa waya, ayeze nsonga zonse zitatu makina akugwira ntchito, ndipo asalole iliyonse kupitirira maampeya olembedwa a delta. Aikenso chotetezera mota ku kutentha. Waya wolowa m'nthaka ndiye wosakambirana, kaya ndi kapasita kaya ndi variador: ndodo ya mkuwa ikhomedwe pansi, thupi la makina limangidwe kwa iyo, ndipo ntchitoyo aigwire wamagetsi wophunzira.

Pali mota zina zimene njira zonsezi sizizikhudza. Ngati palembedwa 380/660, ndiye kuti pa delta pomwe ikufuna 380, ndipo mavolti 220 sangaipatse mphamvu yake. Zina zili ndi mawaya atatu okha otuluka, mfundo ya star inakwiriridwa m'kati mwa makoyilo. Woluka mota waluso amatha kuifukula n'kutulutsa nsonga zisanu ndi imodzi, koma pa vanishi wouma wa zaka zambiri ntchito imeneyi ikhoza kuthyola waya. Izi n'zofunika kuziona makina asanakwere lole.

Pa nkhani ya Cahora Bassa otsutsa akunena zoona, ndipo olumikiza asaiponde. Komabe sindikuvomereza kuti mmisiri asiye ana ndi njala n'cholinga choti dzina lake lioneke pa mndandanda. Zonse ziwiri zichitike. Choyamba ayang'ane pa mtengo wa magetsi wa pafupi naye. M'misewu yambiri ya m'tauni mawaya anayi, kapena chingwe chopotana cha mawaya anayi, chimadutsa kale pamutu pake, ndipo kunyumba kwake kunangotsitsidwa awiri. Zikatero trifásico ili pakhomo, chotsala ndi kupempha, kukonza mawaya a m'galaja ndi kusintha mita, ndipo munthu wotere alibe chifukwa chosewerera ndi makapasita. Ambiri safunsa n'komwe mtengo wake, amangomva kwa anzawo kuti n'zodula.

Kwa amene ali kutali, thiransifoma imene munthu mmodzi sangaikwanitse, amisiri khumi akhoza kuikwanitsa. Ulónguè ili ndi khonsolo yake yomwe imagawa malo, ndipo pa Dómuè pali ofesi ya boma. Akalipentala, owotcherera, osema zitsulo ndi eni zigayo atapempha malo amodzi oyandikana, n'kupita ku EDM ndi pepala limodzi losonyeza makilowati a makina awo onse pamodzi, pempho lawo lingamveke mosiyana ndi la munthu mmodzimmodzi. Povuta ndi pa ndalama, chifukwa mwini chigayo adzadya magetsi ochuluka kuposa wonola nkhwangwa, ndipo kusonkha mofanana kungaphe gululo lisanayambe. Asonkhe molingana ndi kukula kwa mota za aliyense, alembe pangano la amene adzabwere pambuyo pake kudzalumikiza, ndipo galaja iliyonse ikhale ndi mita yakeyake.